Anthu 400 aja sakukwana achemwali

Achemwali mwafunsa ngati anthu 400 omwe munawerengera kuti alowe mu kafukufuku wanu pa power ya 80% (mwayi woti kafukufuku apeze kusiyana ngati kulipodi) akukwana pomwe mukugawa midzi yathunthu m'mbali ziwiri zoti muzifananitse, osati munthu mmodzimmodzi. Ayi ndithu sakukwana. Anthu a mudzi umodzi amafanana, amamwa pa mjigo umodzi, udzudzu ndi womwewo, HSA (mlangizi wa zaumoyo) ndi yemweyo, ndiye munthu wachiwiri wa m'mudzimo sakukuwuzani zambiri zatsopano. Kufananako timakuyeza ndi nambala yomwe timati ICC (intracluster correlation coefficient).

Pezani kaye design effect, nambala yomwe muchulukitse nayo 400 ija, ndi 1 + (m − 1) × ICC, m kukhala anthu pa mudzi. Tiyerekeze mukutenga anthu 30 pa mudzi ndipo ICC ndi 0.05, mupeza 2.45, ndiye 400 ija yafika 980, midzi 34 kuti mbali iliyonse ikhale ndi 17.

Pomwe ambiri amagwa mpoti amafuna midzi 10 yokha chifukwa fiyulo wadula kenako nkumangowonjezera anthu pa mudzi, koma pa ICC imeneyi olo mutafunsa mudzi wonse mpaka agogo, midzi 10 siingapose mphamvu ya anthu 200 ogawidwa mmodzimmodzi. Onjezerani midzi basi. Musaiwalenso kuwonjezera chiwerengero poganizira anthu osamuka ndi okana kulowa nawo.