Funsani Tikuyankheni: Kodi aphungu angachotse pulezidenti pampando?

Makalata ambiri amene afika ku ofesi yathu kuno ku Lilongwe mwezi uno akufunsa za mphamvu zimene Nyumba ya Malamulo ili nazo pa mtsogoleri wa dziko. Tasankhapo anayi amene mayankho ake akhudzenso mafunso a enawo.

FUNSO: A Mkonzi, ine ndi anzanga timakumana pa bawo madzulo aliwonse, ndipo sabata yatha tidatsutsana mpaka kunja kudada. Mnzanga akuti aphungu akakwiya angathe kuchotsa pulezidenti tsiku lomwelo, pomwe ine ndikuti munthu amene adasankhidwa ndi anthu angachotsedwe ndi anthu omwewo basi, pachisankho. Akunena zoona ndani? Nanga impichimenti ija tinkaimva nthawi ya malemu Bingu idathera pati? (Mphunzitsi wopuma ntchito, Area 25)

YANKHO: Bambo, pa bawo limeneli palibe amene wadya mnzake, chifukwa aliyense wa inu wagwira mbali imodzi n'kusiya inayo. Aphungu ali nayo mphamvu yochotsa pulezidenti, ndipo idalembedwa m'gawo 86 la malamulo oyendetsera dziko lino amene adayamba kugwira ntchito mu 1994, koma si mphamvu yoti munthu aigwiritse ntchito chifukwa chakuti wapsa mtima. Gawoli likuti pulezidenti kapena wachiwiri wake angazengedwe mlandu womuchotsera pampando, umene umatchedwa impichimenti, pokhapokha ngati waphwanya kwambiri malamulo oyendetsera dziko kapena malamulo ena olembedwa, ndipo kuphwanyako kukhale kuti kudachitika kapena kudaululika iye ali pampando. Kukwera mtengo kwa feteleza, mizere ya galimoto zodikira mafuta, ngakhalenso malonjezo a pa kampeni amene sadakwaniritsidwe, pazokha si milandu ya m'gawo 86, ngakhale zikutipweteka motani. Zimenezo mankhwala ake ndi voti yanu, monga mwanenera.

Mlanduwo umadutsa pa makomo awiri. Poyamba, aphungu osachepera magawo awiri mwa magawo atatu a nyumba yonse ayenera kuvomereza kuti pali mlandu woti mtsogoleriyo ayankhe, kenaka iye atapatsidwa mpata wonena mbali yake, chiwerengero chomwecho chiyenera kuvomerezanso kuti ndi wolakwa. Pamene nyumbayi idali ndi mipando 193 pankafunika aphungu 129, ndipo tsopano poti madera adawonjezedwa kufika 229 pachisankho cha September 2025, pakufunika aphungu 153. Wopezeka wolakwa amachoka pampando, saloledwa kudzakhalanso paudindo, ndipo akhoza kukazengedwanso mlandu kukhothi.

Pali chinthu chimodzi chimene ineyo chimandidetsa nkhawa pa ndondomekoyi. Amene adalemba malamulowa ankayembekeza kuti tidzakhala ndi nyumba ziwiri, ya aphungu ndi ina yotchedwa Senate, momwe mukadakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, ndipo chigamulo chomaliza chikadafuna mavoti a nyumba zonse ziwiri. Senate sidakhazikitsidwe n'komwe, ndipo mu 2001 aphungu adaifufuta m'malamulo. Choncho lero amene amasuma ndi omwewonso amene amaweruza. Kumudzi kwathu, nyakwawa imene yabwera ndi dandaulo pabwalo simakhalanso pa mpando wogamula mlandu womwewo.

Za nthawi ya Bingu wa Mutharika, nkhani yake idayenda motere. Iye adapambana chisankho cha May 2004 pa tikiti ya UDF, koma mu February 2005 adatuluka m'chipanicho atasemphana ndi Bakili Muluzi, yemwe adamuyendetsera kampeni, n'kuyambitsa DPP. Chipani chimene chidapambana chidangozindikira kuti chili kumbali yotsutsa pamodzi ndi MCP ya John Tembo, ndipo pulezidenti adalibe phungu ndi mmodzi yemwe wosankhidwa pa tikiti ya chipani chake chatsopanocho. Chimene chidakoleza moto n'chakuti wachiwiri wake, Cassim Chilumpha, adatsalira ku UDF, pomwe gawo 83 likuti mpando wa pulezidenti ukakhala wopanda munthu, wachiwiri ndiye amamaliza nthawi yotsalayo. Aliyense ankadziwa tsono kuti voti yochotsa Bingu idali voti yobwezera boma m'manja mwa UDF, ndipo a MCP adayenera kudzifunsa ngati kudali kwanzeru kusonkhezera moto wophikira nsima imene akadye ndi ena.

Mu June 2005, mkangano wa aphungu ofuna kuchotsa Bingu uli mkati, Sipikala Rodwell Munyenyembe adakomoka m'nyumbamo, ndipo patangopita masiku ochepa adamwalira ku chipatala ku South Africa. Mu October chaka chomwecho aphungu adavomereza ndondomeko yozengera mlanduwo, popeza mpaka nthawiyo kudalibe, koma bwalo lalikulu la milandu lidapereka chiletso, ndipo kumayambiriro kwa 2006 phungu amene adabweretsa nkhaniyi adaibweza yekha. Musaiwale kuti chimenechi chidali chaka cha njala, pamene amayi ankagona pa misika ya Admarc kudikira chimanga, ndipo ambiri a iwo sankaona kuti ndewu ya akuluakuluyi ikuwathandiza chiyani.

Ndewuyo sidathere pomwepo, idangosamukira ku gawo 65, lija lopatsa Sipikala mphamvu yolengeza kuti phungu amene wasiya chipani chake n'kulowa china cha m'nyumbamo wataya mpando. Mu June 2007 bwalo lalikulu la apilo lidagamula kuti gawoli ndi lovomerezeka, otsutsa adati sakambirana bajeti mpaka aphungu amene adathamangira ku DPP atachotsedwa, ndipo boma lidati bajeti iyambe ndiyo. Bajetiyo idadutsa mu September, miyezi itapita, ndipo itangodutsa pulezidenti adatseka zokambirana za nyumbayo nkhani ya gawo 65 isanathe. Bingu adamaliza zaka zake zisanu, ndipo mu 2009 adapambananso, ulendo uno ndi aphungu ochuluka.

FUNSO: Ndimawerenga kuti ku America adamuchita impichimenti Donald Trump kawiri konse, koma sadachoke, ndipo pambuyo pake adasankhidwanso. Kodi ndiye kuti lamulo limeneli ndi chiwopsezo chabe, ngati chidole choingitsira mbalame m'munda wa mapira? (Wophunzira, Bunda)

YANKHO: Achimwene, chisokonezo chimabwera chifukwa chakuti ku America mawu amenewa amangotanthauza khomo loyamba lija. Nyumba ya aphungu, House of Representatives, imatsegula mlandu ndi mavoti ongopitirira theka, koma woweruza ndi Senate, yomwe ili ndi mamembala 100, ndipo kuti munthu apezeke wolakwa pamafunika magawo awiri mwa atatu, omwe ndi 67 onse akakhalapo. Trump adatsegulidwira mlandu mu December 2019 ndi mu January 2021. Pa mlandu wachiwiriwo, womwe udazengedwa iye atachoka kale pampando, 57 adati ndi wolakwa ndipo 43 adati ayi, ndipo mwa 57 aja, 7 okha ndiwo adali a chipani chake cha Republican. Bill Clinton adapulumuka mu 1999, ndipo Andrew Johnson adapulumuka mu 1868 ndi voti imodzi yokha. Palibe pulezidenti wa dzikolo amene adachotsedwapo ndi Senate.

Ku South Africa mu December 2022, gulu lapadera lotsogozedwa ndi jaji wamkulu wopuma litanena kuti Cyril Ramaphosa angakhale ndi mlandu woyankha pa nkhani ya ndalama zakunja zimene zidabedwa pa famu yake ya Phala Phala, aphungu 214 adakana kuti nkhaniyo ipite patsogolo ndipo 148 ndiwo adavomera, chifukwa chipani chake cha ANC chidali ndi aphungu ambiri. Akuluakulu adanena kale kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Koma musafulumire kunena kuti ndi chidole. Richard Nixon wa ku America adatula pansi udindo mu August 1974 akuluakulu a chipani chake atamuuza kuti sangathenso kumuteteza. Robert Mugabe adatula pansi udindo pa 21 November 2017 aphungu atayamba kale kukambirana zomuchotsa, ndipo amene adatsogolera adali a ZANU-PF, chipani chake chomwe. Ku South Korea, komwe aphungu amatsegula mlandu koma wogamula ndi khothi loona za malamulo oyendetsera dziko, Park Geun-hye adachotsedwa mu March 2017, ndipo Yoon Suk Yeol mu April 2025, aphungu 204 mwa 300 atavota mu December 2024, ena mwa iwo a chipani chake. Mukayang'anitsitsa muona kuti atsogoleri onsewa adagwa pamene a m'nyumba mwawo adawataya, osati chifukwa chakuti otsutsa adakuwa kwambiri. Njira ya ku South Korea yosiyanitsa wosuma ndi woweruza ndi imene ine ndikadakonda kuti akatswiri athu a malamulo aiganizire.

FUNSO: Nanga pulezidenti akayambana ndi wachiwiri wake, sangangomuchotsa monga amachitira ndi nduna? (Woyendetsa kabaza, Mchesi)

YANKHO: Sangathe, achimwene, chifukwa wachiwiri woyamba amasankhidwa ndi anthu pa pepala limodzi ndi pulezidenti, ndipo gawo 86 lomwe lija ndi limene limamuteteza. Mu 2006 Bingu adalengeza kuti Chilumpha wadzichotsa yekha paudindo chifukwa chosabwera ku misonkhano ya nduna, koma makhothi sadavomereze. Joyce Banda adachotsedwa mu DPP mu December 2010, adakhalabe wachiwiri, ndipo Bingu atamwalira mu April 2012 ndi iye amene adalumbira.

FUNSO: Ngati kuchotsa pulezidenti n'kovuta chonchi, ndiye ndani amamuyang'anira pa zaka zisanu zonsezi? Ife timangoona aphungu akukuwizana pa kanema, kenaka n'kulandira maalawansi. (Mayi wa geni, Kawale)

YANKHO: Mayi, funso lanu ndi limene lafika pa mtima pa nkhani, chifukwa kuchotsa mtsogoleri kumachitika mwina kamodzi pa m'badwo, pomwe kumuyang'anira ndi ntchito ya sabata iliyonse. Boma silingatolere msonkho watsopano kapena kugwiritsa ntchito ndalama za anthu popanda chilolezo cha aphungu. Pulezidenti akakana kusayina bilu, gawo 73 limalola aphungu kuivomerezanso patapita masiku 21, ndipo akatero iye ayenera kuisayina. Gawo 89 limalola kuti aitanidwe kudzayankha mafunso m'nyumbamo, zomwe Lazarus Chakwera adachita mu September 2020. Maudindo ena akuluakulu sangagwire popanda aphungu kuvomereza. Mu 2005 nyumbayi idakana Mary Nangwale, mayi woyamba kusankhidwa kukhala mkulu wa apolisi, ndipo mu May 2021 komiti yoona za maudindo idakana Martha Chizuma kukhala mkulu wa bungwe lothana ndi katangale ndi ziphuphu la ACB, kenaka n'kumuvomereza patapita masiku ochepa anthu atadandaula kwambiri. Nkhani ziwirizi zikuonetsa kuti mpeni womwewo umasenda chinangwa komanso umacheka chala, malinga ndi amene waugwira.

Ntchito yeniyeni simuiona pa kanema chifukwa imachitikira m'makomiti, m'zipinda zing'onozing'ono za nyumba ija ya ku City Centre imene idatsegulidwa mu 2010, pafupi ndi chiliza cha Kamuzu. Ndidakhalapo pa zokambirana za komiti yolondoloza momwe ndalama za boma zagwirira ntchito, ndipo ndidaona mlembi wamkulu wa unduna wina, atavala suti yakuda, akutembenuza mapepala uku akupukuta thukuta, phungu wa kumudzi akumufunsa mobwerezabwereza kuti malisiti a mafuta a galimoto ali kuti. Yankho lake lidali lakuti amene ankasunga mafayilowo adasamutsidwa. Chimene chidandiwawa n'chakuti ndalama zimene ankafunsazo zidagwiritsidwa ntchito zaka zingapo m'mbuyomo, moti mlembiyo n'kuti asanafike n'komwe mu undunawo. Mlandu suwola, n'zoona, koma ndalama zimatha. Nkhani ya Cashgate idaululika mu September 2013 mkulu woyang'anira bajeti atawomberedwa kuno ku Lilongwe, osati chifukwa chakuti komiti ina idaitulukira msanga. Komabe pamene makomiti afuna, amaluma. Kumayambiriro kwa 2017 makomiti awiri adafufuzira limodzi za kagulidwe ka chimanga ku Zambia, nkhaniyo idamveka dziko lonse, ndipo nduna ya zamalimidwe idachotsedwa mu February chaka chomwecho, ngakhale pambuyo pake khothi lidaipeza yosalakwa.

Chimene chimafooketsa ntchitoyi tonse timachidziwa. Chisankho chikangotha, aphungu ambiri oima paokha amalengeza kuti agwira ntchito ndi boma kuti chitukuko chifike kudera kwawo. Nduna zambiri pulezidenti amazisankha pakati pa aphungu omwewo, choncho phungu wa mbali ya boma amene akuyembekeza mbendera pa galimoto yake sangafunse funso loluma, pomwe wa mbali yotsutsa nthawi zina amakana ngakhale chinthu chabwino poopa kuti boma lingatamandidwe. Zipani zikasinthana mipando, zimasinthananso mawu, moti amene dzulo ankati gawo 65 ligwire ntchito lero amakhala chete. Ifenso ovota tili ndi mbali yathu, chifukwa phungu timamuyesa ndi mabokosi a maliro amene wagula ndi sukulu fizi imene walipirira ana athu, ndipo palibe amene amamufunsa ngati adawerenga lipoti la mkulu wolondoloza ndalama za boma.

Pamene nyumba ikukumana, pamakhala malo a alendo pomwe anthu wamba amakhala n'kumamvera, ndipo kuchokera ku Kawale si ulendo wautali. Phungu wanu akadzabwera kudzachititsa msonkhano, mayi, mudzamufunse kuti ali mu komiti iti, ndiponso kuti lipoti lomaliza la komiti yakeyo lidakambidwa liti m'nyumbamo.