Kagalasi ka m'diso ndi kuwala kothobwa m'maso

Mayi wina wa ku Ngabu wandilembera pa imelo. Amayi ake anawachotsa ng'ala zaka ziwiri zapitazo n'kuwaikira kagalasi m'diso. Poyamba ankaona bwino, koma pano masana dzuwa limawathobwa m'maso, ndipo usiku nyali za malole a nzimbe pamsewu wa M1 zimangooneka chimbuuzi. Chodabwitsa, kuchipatala zilembo za pakhoma amawerenga ndithu. Funso lawo: kodi kutentha kwa kuchigwa kuno kwaononga kagalasiko?

Mayi, ayi. Ngakhale Okutobala wa ku Nsanje sangasungunule kagalasi kameneka. M'kati mwa diso kutentha sikusiyana kwenikweni ndi kwa thupi lonse. Kagalasiko ndi kapulasitiki kolimba mtima. Harold Ridley, dokotala amene anayamba kukaika mu 1949 ku London, anaona kuti tizidutswa ta pulasitiki tolowa m'maso mwa oyendetsa ndege zankhondo sitinkawavutitsa.

Chikuchitika n'chakuti kuwala kukumwazika. M'malo molunjika pamalo amodzi kumbuyo kwa diso, kwina kumabalalika n'kuphimba chithunzi chonse. Taganizani galasi lafumbi la minibasi dzuwa likamalowa: msewu ulipo, koma woyenda pansi wovala zakuda sakuoneka. N'chifukwa chake zilembo zakuda papepala loyera, m'chipinda chamthunzi, siziulula vutoli. Choncho gogowo sakunama, musawakayikire.

Nthawi zina m'kagalasi kofewa ka pulasitiki wotchedwa acrylic mumapangika timadontho tamadzi tosaoneka ndi maso, madokotala amati glistenings. Timamwazadi kuwala, koma kawirikawiri sitifika poti kagalasi kachotsedwe.

Ine ndikukayikira china. Pochotsa ng'ala, dokotala amasiya kathumba kopyapyala komwe ng'alayo inali, kuti kagwire kagalasi. Pakapita miyezi kapena zaka, maselo otsalira amamera kumbuyo kwa kathumbako, n'kuchita mbuu. Anthu amati ng'ala yabwerera, koma ng'ala yochotsedwa siibwerera. Mbuuwu amaukonza ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser ya YAG: amaboola kabowo pakati pa kathumbako, mphindi zochepa, osang'amba, osagonekedwa.

Yambirani kwa a zamaso pachipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, akaona kofunika akutumizani kuchipatala cha maso cha Lions Sight First ku Queens, ku Blantyre. Mukawafotokozere za dzuwa ndi nyali zija, osangoti saona bwino. Pakadali pano chipewa chachikulu ndi magalasi a dzuwa ziwathandiza. Zitsamba zodontheza m'maso ayi. Diso likafiira, likamapweteka kapena likasiya kuona mwadzidzidzi, pitani nawo tsiku lomwelo.