Kodi Ndalama za Okalamba Zimathera ku Mpira?

Funso: Akonzi, mwana wanga wamkazi amagwira ntchito yosamalira okalamba ku England, ndipo anandiuza kuti mmodzi mwa anthu amene anaika ndalama m'kampani ya Barchester Healthcare, imene imayendetsa nyumba zosamalira okalamba, ndi yemwenso ali ndi mawu aakulu ku timu ya mpira ya Celtic ya ku Scotland. Ngati n'zoona, kodi ndalama zimene agogowo amalipira sizithera kugula osewera? — Mayi wodandaula

Yankho: Mayi, mwana wanu sananame. Munthuyo ndi Dermot Desmond wa ku Ireland, amene anabadwa mu 1950. Iye anayamba ndi kampani yogulitsa masheya ya NCB ku Dublin mu 1981, kenako anagula bwalo la ndege la London City mu 1995 n'kuligulitsa mu 2006. Ku Celtic analowa m'zaka za m'ma 1990, ndipo ndi amene ali ndi masheya ambiri kuposa munthu wina aliyense. Kwa zaka zambiri anaikanso chuma chake mu Barchester, kampani ya nyumba zoposa 200, limodzi ndi John Magnier ndi JP McManus, amene nawonso anali ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi a Manchester United mpaka analigulitsa kwa Malcolm Glazer mu 2005.

Mwalamulo, timu ndi nyumba za okalamba ndi makampani osiyana, iliyonse ili ndi mabuku ake a chuma, choncho munthu sangangotapa ndalama kuno n'kukathira uko. Koma phindu likagawidwa limakhala la mwini masheya, ndipo amachita nalo zimene mtima wake wafuna.

Chimene ine chimandidetsa nkhawa kwambiri si mpira ayi, koma ngongole ndi lendi. Kampani ina yosamalira okalamba ku Britain yotchedwa Southern Cross inagulitsa nyumba zake n'kumachitanso lendi nyumba zomwezo, ndipo lendiyo atakwera pamene makhonsolo ankachepetsa ndalama zolipirira okalamba, kampaniyo inagwa mu 2011 ili ndi nyumba pafupifupi 750 ndi okalamba oposa 30,000. Timu ina ya ku Scotland ya Rangers itagwa mu 2012 inayambiranso m'ligi ya pansi, ochemerera ake n'kumadzazabe bwalo. Koma gogo amene anayamba kuiwalaiwala, amene amazindikira nkhope imodzi yokha ya womusambitsa m'mawa ndi mpando wake wa pawindo, kumusamutsa n'kumulanda zochepa zimene wagwiritsitsa.

Muuzeni mwana wanu awerenge malipoti a bungwe la Care Quality Commission, limene limayendera nyumba zimenezi ku England n'kuika zotsatira zake pa intaneti. Aonenso ngati usiku pamakhala antchito okwanira, ngati malipiro amabwera pa nthawi yake, ndiponso ngati magolovesi ndi matewera sizisowa m'sitolo ya nyumbayo.