Jenereta ya pakhomo: filiji ndiyo ikuuzeni kukula kwake

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe wandilembera imelo. Akuti magetsi akathima ndiwo zikuwonongeka mufiliji, ndiye akufunsa kuti agule jenereta yaikulu bwanji, komanso ngati angailumikize okha kunyumba.

Mayi, musanapite kusitolo, tengani pepala mulembe zipangizo zomwe mukufuna ziziyaka. Kumbuyo kwa chilichonse kwalembedwa mawatsi (W) ake, kutanthauza mphamvu ya magetsi yomwe chimadya. Babu la LED limadya pafupifupi 10W, TV ya masiku ano siipitirira kwenikweni 100W, kutchaja foni ndiye n'zosawerengera n'komwe. Nkhani ili pa filiji. Ikamayenda imadya pakati pa 100W ndi 200W, koma kompuresa yake ikamadzuka imakoka mphamvu kuwirikiza katatu kapena kuposerapo kwa kamphindi. Timajenereta tating'ono ta 650W tija, tosakaniza petulo ndi oyilo, timatsamwa pomwepa, ndipo kompuresa ikamavutika kudzuka chonchi sichedwa kupsa. Kwa inu, ya 2,000W ikukwanirani bwinobwino.

Pa jenereta pamalembedwa manambala awiri, rated (mphamvu yomwe imatha kupereka nthawi yonse) ndi max (yomwe imafika kwa kamphindi chabe). Wogulitsa adzakuuzani yaikuluyo, inu khulupirirani ya rated. Muonenso kuti ndi ya 230V, 50Hz, monga magetsi athu. Ya 120V yomwe mbale angakutumizireni kuchokera ku America sizigwirizana. Kuka, ayironi ndi ketulo muziiwale, chilichonse pachokha chimadya 1,000W kupita m'mwamba. Nsima iphikidwe pa gasi kapena pa mbaula. Ngati thumba likulola, jenereta ya mtundu wa inverter, yotulutsa magetsi okhazikika, ndi yabwino kwa laputopu ndi TV, komanso siisokosa kwambiri, anzanu oyandikana nawo sadzakudandaulani.

Zolumikiza nokha, ayi. Ena amapanga chingwe cha mapulagi mbali zonse n'kuchibaya pa soketi ya pakhoma. Magetsiwo amabwerera m'mawaya a ESCOM, ndipo akhoza kupha munthu amene akukonza pa pholo, kapena jenereta yanu ipse magetsi akabwera mwadzidzidzi. Itanani wamagetsi wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, akuikireni changeover switch, switchi yodula nyumba ku magetsi a ESCOM mukamagwiritsa ntchito jenereta. Apo ayi, kokani ekisitenshoni yokhuthala kuchokera pa jenereta kupita ku filiji ndi TV basi.

Chomwe ndikufuna muchigwire kwambiri ndi utsi. Uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba nthawi yozizira. Ndikudziwa kuti akuba ndi amene amachititsa anthu kuilowetsa kukhitchini kapena m'galaja, koma pamenepo kuli bwino kuimangira kakhola ka zitsulo kokhoma ndi loko, panja, mamita 6 kuchokera pa zenera ndi chitseko, kokhala ndi denga loteteza mvula.

Petulo muzithira jenereta itazima ndi kuzizira. Oyilo woyamba musinthe ikagwira ntchito pafupifupi maola 20, kenaka tsatirani kabuku kake. Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol, amene amakoka chinyezi, choncho jenereta ikati ikhale miyezi osagwira ntchito, tsekani kampopi ka mafuta, muisiye ilire mpaka izime yokha.