Kodi masensa a graphene angathandize mmisiri wa matabwa kudziwa za formaldehyde m'shopu mwake?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amapanga makabati a kukhitchini ndi matabwa a MDF ndi chipibodi, omwe amapangidwa pomata pamodzi tizidutswa ta mitengo. Iwo akuti akatsegula shopu m'mawa, makamaka m'mwezi wa Okutobala dzuwa likamaswa mtengo, maso amawawawa ndipo kukhosi kumawakanda, choncho akukayikira mpweya wa formaldehyde. Anawerenga pa intaneti kuti kuli masensa, kapena kuti tizipangizo tozindikira mpweya, a graphene amene amazindikira mpweyawu ngakhale utachepa kwambiri, ndipo akufunsa ngati zimenezi n'zoona, komanso ngati asiye kugula kamita kotchipa kamene anakaona pa malonda kuti afunefune ka graphene.

Bambo, kukayikira kwanu kuli ndi maziko, ngakhale kuti fumbi la matabwa nalonso limapweteka maso. Matabwa amenewa amamatidwa ndi guluu wa urea-formaldehyde, yemwe amatulutsa mpweya wa formaldehyde pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, ndipo kukatentha kapena kukakhala chinyezi amatulutsa wochuluka. Formaldehyde yemweyu akasungunulidwa m'madzi pa mlingo wa pafupifupi 37 pa 100 amatchedwa formalin, amene amagwiritsidwa ntchito ku mochale. Mu 2004 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe ndi nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndipo lili ku Lyon m'dziko la France, linaika formaldehyde m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu, ndipo mu 2010 WHO inalangiza kuti m'nyumba mpweyawu usapitirire mamiligalamu 0.1 pa kiyubiki mita imodzi poyeza kwa mphindi 30. Mlingo umenewu ndi pafupifupi magawo 80 pa magawo biliyoni imodzi a mpweya, ndipo kachipangizo kalikonse kamene mungagule kayenera kukhala kodalirika pa mlingo wochepa chonchi.

Graphene ndi kaboni yemweyo amene ali mu pensulo, koma atayalidwa mopyapyala mpaka kufika pa atomu imodzi yokha. Andre Geim ndi Konstantin Novoselov a ku yunivesite ya Manchester anamupatula mu 2004 posenda graphite, kaboni wa mu pensulo uja, ndi selotepi, ndipo mu 2010 analandira mphoto ya Nobel. Popeza kuti graphene alibe mkati, atomu iliyonse ili poyera ndipo imakhudzana ndi mpweya. Molekyulu ikamamatira pamwamba pake imapereka kapena kulanda maelekitironi, magetsi odutsamo amasintha pang'ono, ndipo kusinthako n'kumene kumayezedwa. Mu 2007 gulu lomwelo la ku Manchester linaonetsa kuti graphene angazindikire molekyulu imodzi yokha ya mpweya wa nitrogen dioxide, ndipo chiyambire pamenepo chiyembekezo cha masensa otere chakhala chachikulu.

Vuto, limene otsatsa malonda salitchula kawirikawiri, n'lakuti graphene amamva chilichonse koma sadziwa chimene wamva. Nthunzi ya madzi, amoniya, sipiriti ndi utsi zonse zimasintha magetsi ake, ndipo formaldehyde weniweniyo samamatira mwamphamvu pa graphene wosasakaniza ndi zina. Tingamuyerekeze ndi galu wa pakhomo amene amauwa akamva mbala, mlendo, ngakhale mbuzi ya aneba: makutu ake ndi abwino, koma mwininyumba sapindula kwenikweni. M'shopu ngati yanu, mmene muli vanishi, thinazi, guluu wosiyanasiyana ndi chinyezi cha nyengo ya dzinja, funso lenileni silakuti kachipangizo kamamva mlingo wochepa bwanji, koma ngati kamatha kulekanitsa formaldehyde ndi zinthu zina zonsezi.

N'chifukwa chake akatswiri sagwiritsa ntchito graphene payekha. Ambiri amatenga mtundu wotchedwa reduced graphene oxide, umene uli ndi zipsera ndi timabowo mmene mpweya umagwira, n'kuusakaniza ndi tizidutswa ta mankhwala otchedwa tin oxide kapena zinc oxide. Masensa akale a tin oxide amafunika kutenthedwa mpaka madigiri 200 kapena 400 kuti agwire ntchito, zomwe zimadya batire msanga, pamene osakaniza ndi graphene ena amagwira ntchito popanda kutenthedwa. Apa ndiye pali phindu loona. Komabe pali vuto lake: popanda kutentha, mpweya umene wamamatira umachedwa kuchoka, moti kachipangizo kamatenga nthawi kuti kabwerere mwakale, ndipo pakapita miyezi manambala ake amayamba kusokera.

Ntchito imene ndikuganiza kuti ndi yomwe munawerenga inalengezedwa mu Febuluwale 2024 ndi gulu la Pulofesa Tawfique Hasan la ku yunivesite ya Cambridge, mogwirizana ndi a ku yunivesite ya Warwick. Iwo anasindikiza graphene ndi makina a 3D n'kumuumitsa mozizira kwambiri kuti akhale ngati siponji yopepuka yotchedwa aerogel, anaikamo timadontho ting'onoting'ono ta tin oxide, ndipo anazindikira formaldehyde mpaka magawo 8 pa biliyoni popanda kutenthetsa. Chimene chinandisangalatsa ine si nambala ya 8 ija, koma kuti anaphunzitsa pulogalamu ya kompyuta kuzindikira mmene magetsi amasinthira pa mpweya uliwonse, kutanthauza kuti analimbana ndi vuto la kulekanitsa lija. Koma zimenezi zinachitika mu labotale, ndipo pakati pa labotale ya ku Cambridge ndi shopu yodzaza fumbi la MDF pali mtunda wautali.

Yankho langa n'lakuti musawononge ndalama pofunafuna kachipangizo chifukwa choti pa bokosi palembedwa kuti graphene, ndiponso kamita kotchipa kaja musakakhulupirire kwambiri. Timamita tambiri totere timasokonezeka ndi mowa, ndipo mungadziyesere nokha: pakani sanitaiza m'manja pafupi nako, ndipo nambala ikalumpha mudziwe kuti kakuwerenga sipiriti ngati formaldehyde. Njira imene akatswiri a zaumoyo wa pantchito amadalira ndi yokoka mpweya kudzera m'kachubu kokhala ndi mankhwala a DNPH, omwe amagwira formaldehyde, kenako n'kukayeza kachubuko mu labotale, ndipo ngati muli ndi antchito angapo ndi imeneyi yoyenera kulipirira. Pakadali pano, pooda matabwa funsani ngati ali a giredi ya E1, imene imatulutsa formaldehyde wochepa, matani m'mphepete monse modulidwa, musasunge mulu wa matabwa atsopano m'chipinda chotseka usiku wonse, ndipo m'mawa tsegulani zitseko ndi mawindo mbali zonse ziwiri anyamata anu asanalowe. Kamasiki wamba ka fumbi sikatchinga mpweyawu, choncho ngati maso ndi kukhosi zikupitirirabe kuvuta, kaonaneni ndi adokotala ndipo muwauze mtundu wa matabwa amene mumadula.