Kuloweza mpaka tambala kulira, m'mayeso zonse n'kuthawa

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa Fomu 4 pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Lizulu ku Ntcheu. Akuti amawerenga ndi tochi mpaka pakati pa usiku, notsi za Biology amaziloweza liwu ndi liwu, koma pa mayeso a moko anapeza 8. "Ndimakumbukira kuti yankho lili kumanzere kwa tsamba, pansi pa chithunzi, koma mawu ake osabwera. Bambo akuti ndikapanda kukhala dokotala ndiye kuti ndawatayitsa ndalama za mbatata. Kodi mutu wangawu ndi wogona?"

Mutu wako uli bwinobwino, mwanawe. Makalata otere amandipeza ambiri MSCE ikamayandikira, ndipo chimene chimalakwika ndi kamangidwe ka zinthu m'mutumo.

Mu 1748, David Hume, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Scotland, analemba kuti ganizo limakoka linzake m'njira zitatu: zinthu zikafanana, zikayandikana malo kapena nthawi, komanso china chikakhala choyambitsa chinzake. Iwe ukudalira njira yachiwiri yokha. Liwu lililonse waligwirizitsa ku liwu loyandikana nalo, ngati mikanda pa ulusi, ndipo ulusiwo waumangirira ku tsamba, ku tochi, ku mphasa. M'chipinda cha mayeso mulibe zimenezo. Funso la MANEB likabwera m'mawu ena, palibe chokoka mkanda woyamba. N'chifukwa chake ukukumbukira malo a yankho, yankholo ayi.

Kufanana kumathandiza. Mtima uuganizire ngati mjigo: m'kati muli zotsekera zimene zimalola madzi kukwera koma osabwerera, monga ma valve amachitira ndi magazi. Koma samala, zofanana zimasokonezanso. Mitosis ndi meiosis, njira ziwiri zimene maselo amagawikira, usaziwerenge padera. Zilembe pa tsamba limodzi, ina uku ina uko, uone pamene zasiyana.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi yachitatu. Tenga chimanga cha m'munda wa kwanu chimene masamba ake am'munsi achita chikasu. Chifukwa chiyani? Chikusowa naitirojeni. Nanga naitirojeni ndi mtundu wa tsamba zikukhudzana bwanji? Amafunika popanga chlorophyll, imene imabiriwitsa tsamba. Bwanji am'munsi ndiwo ayamba? Mbewu imasamutsa naitirojeni kuchoka m'masamba akale kupita m'masamba atsopano. Chotsatira? Chakudya chimene mbewu imapanga chichepa, chisononkho chichepa, ndiye bambo ako amathira Urea chimanga chikafika m'mawondo. Mfundo zisanu zagwirana, ndipo ukaiwala imodzi, zinzake zikubwezera. Funso likachokera ku Agriculture kapena ku Biology, uyankha ndithu.

Za kuchezera usiku, leka. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza mu 1885 kuti zoloweza zopanda tanthauzo zimatayika msanga, makamaka m'maola oyambirira. Werenga mutu umodzi mphindi 30, tseka kope, ulembe papepala loyera zonse zimene zatsala m'mutu, ukudzifunsa "chifukwa chiyani" pa mfundo iliyonse. Tsegula, uchonge ndi cholembera chamtundu wina. Ubwerezenso mawa, pakatha masiku atatu, pakatha sabata, nthawi zonse kope lili chotseka. Ambiri amalakwa apa: amangoyang'ananso notsi, akaona kuti mawu ndi odziwika amayesa adziwa.

Tsono inu bambo, mawu oti "wanditayitsa ndalama" amandinyansa. Mwana amalowa nawo m'chipinda cha mayeso, ndipo pepala la Biology limamukumbutsa nkhope yanu yokwiya m'malo mwa mjigo uja. Ndi kuyandikana komwe kuja, koma mwakumanga nokha.

Chilungamo chake, mwanawe, n'chakuti 8 si kirediti. Mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo malo a udokotala ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS amalimbirana ana a ma 1 ndi ma 2 m'masayansi. Pa miyezi yatsalayi, kuchoka pa 8 kufika pamenepo sindikulonjeza. Kufika pa 5 kapena 6 n'kotheka, ndipo makirediti m'masayansi amatsegula makomo ngati a Malawi College of Health Sciences kapena maphunziro a zaulimi. Uyambe ndi mutu wa kayendedwe ka magazi lero madzulo, kusanade, kope lili chotseka.