Musanagule geti, taonani kaye pomwe madzi a padenga amagwera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Machinjiri, mumzinda wa Blantyre. Mwana wawo wamkazi ali ndi chinkhoswe mu Ogasiti, ndipo alendo adzafikira pakhomo pawo, koma kumaso kwa nyumba kukuwachititsa manyazi: penti wasuluka, khonde lang'aluka, pabwalo ndi fumbi lokhalokha. Bambo a kunyumba akufuna geti latsopano, iwo akufuna matailosi pakhonde, koma ndalama sizingakwanire zonse ziwiri. Funso lawo ndi loti ayambe chiti. Anatumizanso zithunzi zitatu.

Mayi, zikomo polemba, ndipo mafuno abwino kwa mtsikanayo. Yankho langa mwina likhumudwitsa nonse awiri, inu ndi bambo: musayambe ndi geti, musayambenso ndi matailosi.

Tayang'ananinso chithunzi chachiwiri chija. M'munsi mwa khoma muli mzere wofiirira wofika m'mawondo, ndipo pansi, molunjika pomwe malata athera, pali kangalande kokumbika kokha. Amene wakuwonongerani nyumba ndi ameneyo. Mvula ikamagwa, madzi a padenga amatsika ndi mphamvu, amakumba dothi, matope n'kumathovukira kukhoma, ena n'kumalowerera pansi pa khonde mpaka simenti kung'aluka. Tawerengani nokha: mvula ya milimita imodzi pamalo a sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi ya madzi. Ngati mbali yakumaso ya denga lanu ndi masikweya mita 50, mvula ya mamilimita 20 yokha ikukhuthulirani malita 1,000 pakhomo, madiramu asanu a malita 200. Ndiye kuyambira Novembala mpaka Epulo imagwa kangati? Mukaika matailosi pamwamba pa vuto limeneli, pofika Febuluwale adzayamba kulira phwaphwa mukamaponda.

Choncho ndalama yoyamba ipite ku gutter (ngalande yolandira madzi kumapeto kwa malata) ya kumaso ndi paipi yotsitsira madzi m'diramu kapena m'ngalande. Kenako mmisiri athire kakhonde ka simenti motsatira khoma, kotambalala masentimita 60 kapena kuposerapo, kopendekera kunja pafupifupi masentimita awiri pa mita iliyonse. Akamaliza, inu tengani ndowa ya madzi muthire iye ali pompo. Madzi akabwerera kukhoma kapena akadikha, musalipire mpaka akonze. Ndipo simenti yatsopano imafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Amisiri ambiri amangonena pochoka, akudziwa kuti sadzabweranso, ndiye ntchito imeneyo ipatseni ana.

Za matailosi ndili nazo mangawa. Zaka zapitazo ndinaika onyezimira aja pakhonde langa, okongola ngati a mu banki. Tsiku lina kutagwa kamvula, apongozi anga akutsika pa sitepe anaterereka n'kukhala pansi, thumba la mbatata lili uko. Sanavulale, koma mpaka lero nkhaniyo imatuluka pa mwambo uliwonse wa pabanja. Ngati mudzawafune m'tsogolo, gulani okhakhala opangira panja. Koma pakadali pano, khonde lanu ndi lija la simenti yofiira, ndipo ine ndimaliona ngati chuma. Mmisiri atseke ming'aluyo, pouma mupake polishi wofiira kawiri, mukwecheko ndi bulashi. Khonde lotero likawala, mlendo amavula nsapato musanamuuze. Agogo athu ankadziwa zimenezi: kukamabwera alendo ankazira khonde ndi mtsiro, n'kudula mzere wowongoka m'munsi mwa khoma. Sankagula kanthu, koma pakhomo pankaoneka kuti pali munthu.

Mzere umenewo ubwezereni. Pentani kumaso kokha, kumbuyo kudikire. Pamwamba penti wa madzi wowala, koma osati woyera mbee, chifukwa fumbi la Okutobala silimukhululukira. M'munsimo, kufika m'mawondo, penti wa mafuta wabulauni kapena wotuwa moderako, woti mukhoza kupukuta ndi chisanza. Palani kaye wakale yense amene akusendeka. Pomwe mwamata pulasitala watsopano dikirani milungu inayi kuti paume. Chenjeraninso ndi chiperoni: mu Juni ndi Julayi ku Blantyre kumatha kuchita nkhungu ndi mvula yowaza masiku angapo, ndipo penti wopaka pakhoma lonyowa amatukusira. Sankhani sabata ya dzuwa.

Chitseko chanu, ngati maso anga sakundinamiza, ndi cha mlombwa. Chonde musachipake penti. Matabwa amenewo masiku ano ndi osowa ndiponso odula. Chikwecheni ndi sandipepala, mupake vanishi kawiri kapena katatu, musinthe chogwirira chomwe chachita dzimbiri. Pamwamba pake ikani getsi la sola loyaka lokha kukada, kuti magetsi a ESCOM akazima alendo asamapapase masitepe.

Kuchokera pageti kufika pakhonde pakufunika kanjira. Njerwa zowotcha zotsala pomanga, kapena ma paver (tinjerwa ta simenti toyala pansi) ngati thumba lilola, muziyale pa mchenga wotsendera bwino. Kakhale kotambalala mita imodzi ndi pang'ono, kuti anthu awiri ayende mogundizana mapewa. Ankhoswe sayenda pamzere ngati ana a sukulu.

Maluwa ndiye pomwe ambiri timapupuluma. Kapinga wodzala mu Juni amafuna madzi ambiri, ndipo bilu ya madzi idzakuuzani. Musiyeni mpaka mvula itayamba mu Disembala, nthawi yomwenso mungadzale mpanda wa duranta, uja wamasamba achikasu, kuchokera ku nthambi zopempha kwa aneba. Za Ogasiti, pezani miphika iwiri ikuluikulu yadothi, muiboole pansi, muike mbali iyi ndi iyo ya masitepe. Bougainvillea amapirira chilala ndipo amachita maluwa kwambiri nyengo yopanda mvula, akangopeza dzuwa. Miphika iwiri yosamalika imaposa zitini 20 za penti zondandalika pakhonde. Matayala akale opaka laimu aja ine sindiwakonda, komanso akapanda kudzazidwa bwino ndi dothi amasunga madzi, udzudzu n'kumaswana pakhomo penipeni. Ndipo wina akakupatsani mbande ya kachere kapena bulugamu kuti mudzale pafupi ndi nyumba, thokozani koma mukadzale kumunda. Mizu yake sigwirizana ndi maziko kapena mapaipi.

Chinanso chosalira khobidi: pachithunzi chachitatu ndaona chingwe choyanikira zovala, mbaula, ndi mulu wa mchenga womwe ukuoneka kuti wakhalapo zaka. Zonsezo zipite kuseri.

Tsono geti la bambo lija. Ndaliyang'anitsitsa, ndipo silinawole, langochita dzimbiri m'munsi ndiponso lapendekera mbali imodzi. Wowotcherera akhoza kuliwongola tsiku limodzi. Mukalikwecha ndi bulashi ya waya, pakani kaye red oxide (penti woteteza ku dzimbiri), kenako penti wakuda wa mafuta, mahinji muwathire girisi. Auzeni bambo kuti latsopano lidzabwera pa ukwati, ndipo mundilembere mmene ayankhire.